Chimphona cha ku Kinshasa ndi lole ya mwana wanga

 Mudazolowera kuti ndikamalemba pano ndimayamba ndi ndime, kenaka n'kumaitambasula pang'onopang'ono. Lero mundikhululukire. Ndabwera ndi maliro a munthu amene sindidamuonepo ndi maso anga, munthu wa dziko lina ndi chilankhulo china, ndipo kuseri kwa malirowo kuli mlandu wanga umene ndausenza mwakachetechete kwa zaka zambiri. Mkulu amene amadzudzula ena poyera ayenera kudziwanso kudzidzudzula poyera.

Madzulo a Lachiwiri, pa 1 Okutobala 2024, mwana wanga wachisamba adafika pakhomo ndi lole yake atatitengera matumba a fetereza. Atatsitsa katundu adakhala pakhonde n'kumayang'ana foni yake, ndipo ndidaona nkhope yake ikugwa. "Bambo," adatero, "Mutombo wamwalira dzulo." Ine, poyesa kuti ndi wina wa kumudzi, ndidafunsa kuti, "Mutombo wa kwa yani? Zovuta zili pati?" Adamwetulira mwachisoni nati, "Ayi bambo, si wa kuno. Takhalani pansi ndikuuzeni." Amene mumatidziwa bwino mukudziwa kuti mawu otere adali achilendo pakhomo pathu. Ine ndi mnyamata ameneyu tidali titatha zaka tikungopatsana moni ngati anthu okumana pachigayo. Usiku umenewo adayankhula mpaka nsima idazizira, ine n'kumangomvetsera.

Kuti mumvetse chimene chidatilekanitsa, ndiyambe ndi amayi anga. Amayi anga adamwalirira pangolo. Idali nyengo ya dzinja, ine ndili mnyamata wongoyamba kumene uphunzitsi. Adadwala mwadzidzidzi pakati pa usiku. Tidamanga ng'ombe, tidayala mphasa ndi bulangete pangolo, n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala. Titafika pamtsinje tidapeza madzi atasefukira, mlatho wamitengo utakokoloka. Tidadikira patsidya mvula ikutivumba, mlongo wanga atagwira nyali, ng'ombe zikupuma mwaphuma. Tambala woyamba asadalire, amayi adatisiya. Pagombe pomwepo ndidalumbira mumtima mwanga kuti ndikadzakhala ndi mwana, ameneyo adzakhala dokotala. Mwanayo sindidamufunse, pakuti adali asadabadwe.

Adabadwa, adakula, adatalika kuposa ine ndi amalume ake onse. Kusekondale adakonda zinthu ziwiri: masamu ndi mpira wa basketball. Mayeso a Fomu 4 adakhoza bwino nasankhidwa kupita ku yunivesite, koma osati ku maphunziro a udokotala. Ndidamuuza kuti abwereze kuti mapointi atsike. Adakana mwaulemu, komabe adakana ndithu. Adakaphunzira za malonda, n'kumasewereranso timu ya sukulu yakeyo. Atamaliza sadafune ntchito ya muofesi. Adayamba kugula soya ndi mtedza kwa alimi n'kumakagulitsa kutauni, kufikira adagula lole yakale ya matani 3. Tsiku lina, pamaso pa alendo, ndidanena mawu amene ndikuchita manyazi kuwalemba: ndidati ndidagulitsa ng'ombe zanga kuti ndiphunzitse venda. Iye sadayankhe. Adangonyamuka n'kukatsuka lole yake. Kuyambira tsiku limenelo pakati pathu padayenda mtsinje wina wopanda mlatho.

Tsono mverani za munthu amene mwana wanga adandisimbira usiku uja, pamodzi ndi zimene ndidawerenga ndekha m'masiku otsatira.

Dzina lawo lonse lidali Dikembe Mutombo Mpolondo Mukamba Jean-Jacques Wamutombo. Adabadwa pa 25 Juni 1966 mumzinda wa Kinshasa, m'dziko limene ambiri a ife tidakula tikulitcha Zaire, lero Democratic Republic of Congo. Adali a mtundu wa Aluba, obadwa m'banja la ana ambiri. Bambo awo, a Samuel Mutombo, adali mphunzitsi wamkulu. Amayi awo adali a Biamba Marie. Pa unyamata wawo ankasewera mpira wamiyendo. Basketball adaiyamba mochedwa, atapitirira kale zaka 15, bambo awo ndi mkulu wawo atawalimbikitsa chifukwa cha msinkhu. Atakhwima adafika mamita 2.18. Pakhomo la tchalitchi chathu akadalowa chowerama.

Koma mtima wawo sudali pa mpira. Chimene ankafuna n'kukhala dokotala ndi kubwerera kwawo kukachiza anthu. Mu 1987, ali ndi zaka 21, adapeza thandizo la maphunziro kuchokera ku bungwe la USAID, napita ku yunivesite ya Georgetown mumzinda wa Washington ku America, Chingerezi asakuchidziwa kwenikweni. Pamenepa ndidamudula mawu mwana wanga. "Waona? Ameneyo ndiye mwana, adafuna udokotala." Iye adati, "Dikirani bambo, nkhani sidathe."

Mphunzitsi wa timu ya yunivesiteyo, John Thompson, adaona mnyamata wamtaliyo namukopa kuti alowe m'timu. Njira ya udokotala idathera pomwepo, koma sukulu sadaisiye. Mu 1991 adamaliza ndi madigiri a za zilankhulo ndi za ukazembe, ndipo pa moyo wawo adadziwa kuyankhula zilankhulo 9. Chaka chomwecho timu ya Denver Nuggets idawatenga, ali achinayi kusankhidwa mwa anyamata onse olowa mu ligi yaikulu ya NBA.

Kwa inu amene, monga ine, simudaonerepo masewerawa: mpira amauponya ndi manja kuti ulowe mumkombero wachitsulo wopachikidwa mamita 3.05 kuchokera pansi. Ulemerero nthawi zambiri umapita kwa ogoletsa. Ntchito ya a Mutombo idali ina. Iwo adali mlonda wa pakhomo, wophula mpira m'mwamba usadalowe. M'zaka 18 adaphula mipira 3,289, ndipo m'kaundula wa ligiyo ndi munthu mmodzi yekha amene adawaposa, Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria. Kanayi, mu 1995, 1997, 1998 ndi 2001, adasankhidwa kukhala wotchinga wopambana onse. Akaphula mpira ankagwedeza chala chamkombaphala, monga achitira mayi poletsa mwana kuyandikira mphika wa pamoto. Oyimbira masewero atayamba kuwalanga kuti akunyoza anzawo, adayamba kugwedezera chalacho kwa oonerera, ndipo oonererawo adachikonda koposa.

Mwana wanga adandionetsa chithunzi cha mu 1994. Chaka chimenecho Denver idalowa mpikisano wa kumapeto ili yotsiriza mwa matimu 8 a chigawo chake, nikumana ndi Seattle imene idali yoyamba. Idagonja kawiri, kenaka idapambana katatu motsatizana, ndipo kadali koyamba kuti timu yotsiriza igonjetse yoyamba. Pachithunzipo chimphona chagona chagada pabwalo, chakweza mpira ndi manja awiri, chikukondwa ngati kamwana kamene kapatsidwa nsapato zoyamba. Komabe chikho cha ligi sadachikwezepo. Adafika mundime yomaliza ndi timu ya Philadelphia mu 2001, ndiponso ndi ya New Jersey mu 2003, nagonja maulendo onse awiri. Mu 2009, ali ndi zaka 42, adavulala bondo pabwalo, masewero n'kuthera pomwepo.

Atafika apa mawu a mwana wanga adatsika. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Congo ili m'chipwirikiti cha nkhondo, amayi a Mutombo adadwala sitiroko ku Kinshasa. Kudali lamulo loletsa kuyenda usiku, ndipo sikudatheke kufika nawo kuchipatala. Mwana wawo ali ndi chuma chosaneneka kutsidya kwa nyanja, iwo adamwalira monga amwalirira mayi aliyense wosauka. Ponena zimenezi mwana wanga sadandiyang'ane, inenso sindidamuyang'ane, koma tonse tidadziwa ngolo imene tinkaiganizira.

Mu 1997 a Mutombo adakhazikitsa bungwe lawo lothandiza anthu, Dikembe Mutombo Foundation, ndipo ntchito yake yaikulu idali kumanga chipatala kwawo. Padapita zaka 10 chisadatsegulidwe. Ndalama zidavuta kusonkhanitsa, nkhani za malo zidachedwetsa ntchito, ndipo munthu wa mtima wochepa akadasiya n'kunena kuti ndidayesa. Ntchito yonse idadya madola 29 miliyoni, ndipo madola 15 miliyoni adachokera m'thumba mwawo. Mu 2007 chipatalacho chidatsegulidwa ku Masina, dera la anthu wamba mumzinda wa Kinshasa, nachitcha dzina la amayi awo: Biamba Marie Mutombo.

Abale anga, taimani pamenepa pang'ono. Mnyamata amene adachoka kwawo kuti akakhale dokotala sadakhale dokotala. Chovala choyera sadachivale, jakisoni sadabayepo munthu. Akadakhala mwana wanga, mu 1991 ndikadati ndataya ndalama. Koma atapita zaka 20 chichokereni kwawo, adatsegula nyumba imene madokotala ndi anamwino amagwiramo ntchito usana ndi usiku. Njira idakhota, koma ulendo udafika kumene udalinga. Sindikupeputsa udokotala ayi. Chipatala chopanda dokotala ndi makoma chabe. Ndikungoti odwala amasowa manja ambiri: a wochiza, a womanga, a wolipira, ndi a wonyamula.

Atasiya masewero sadakhale pansi kudya zakale. Mu 2009 ligi ya NBA idawasankha kukhala kazembe wake woyamba wa padziko lonse, ndipo mu 2015 dzina lawo lidalembedwa m'nyumba ya ulemu ya akatswiri a basketball. Adayenda m'maiko ambiri a mu Africa kuphunzitsa achinyamata masewerawa. Mu 2021 adaika ndalama zawo mu kampani ya NBA Africa, ndipo chaka chomwecho adayamba bizinesi ya khofi yotchedwa Mutombo Coffee, yogula khofi wa alimi a mu Africa, makamaka amayi, n'kumakamugulitsa kumisika ya kunja. Bungwe lawo lidamanganso sukulu kufupi ndi mzinda wa Mbuji-Mayi, imene adaitcha dzina la bambo awo. Pofika pa nkhani ya khofi, mwana wanga adaseka koyamba usiku umenewo. "Mwaona bambo," adatero, "nawonso adali venda." Amayi ake, amene adali kuchotsa mbale, adayang'ana kumbali. Ine ndidasowa poyika nkhope.

Sindikuwaika a Mutombo pamndandanda wa angelo. Adali munthu, ndipo si zonse zimene adagwira zidakoma. Mu 2018 adatenga kamnyamata ka zaka 8 ka ku Congo, kokhala ndi chotupa chachikulu pankhope, kupita nako ku Los Angeles kuti kakachitidwe opaleshoni. Kamwanako kadamwalira komweko. Amene mudasonkhapo ndalama za wodwala n'kumaliza ndi kugula bokosi mukudziwa kulemera kwa zimenezi. Sadatseke chipatala chawo chifukwa cha imfa imeneyo, ndipo sadaleke kuthandiza. Kunyumba kwawonso, pamodzi ndi mayi a kunyumba, adalera ana 4 a achibale omwalira kuwonjezera pa awo obereka. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Iwo sadangonena, adachita.

Mu Okutobala 2022 kudalengezedwa kuti akulandira chithandizo cha chotupa cha mu ubongo. Pa 30 Sepitembala 2024 adamwalira mumzinda wa Atlanta ali ndi zaka 58. Munthu amene adamangira anzake chipatala adagwidwa ndi nthenda imene zipatala zapamwamba za ku America zidailephera. Chala chimene chidakaniza mipira zikwi zitatu sichidathe kukaniza imfa. Onse amene timayenda pansi pano, aatali ndi aafupi, tidzalowa pakhomo limenelo chowerama.

Nkhani itatha mwana wanga adakagona. Ine tulo sitidabwere. Ndidauza amayi ake kuti, "Munthu ameneyu adasiya udokotala, inde, koma adakumbukira odwala. Wathuyu akukumbukira soya." Iwo adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Abambo, inu simudziwa chifukwa simufunsa. Mawa mukadzuka mukasuzumire kumbuyo kwa mpando wa loleyo."

Mbandakucha ndidatuluka mwakachetechete ngati wakuba pakhomo panga pomwe. Kumbuyo kwa mpando ndidapeza matiresi opyapyala atakulungidwa m'pulasitiki, mabulangete awiri, tochi ndi chigubu cha madzi. Nditabwerera m'nyumba amayi ake adandiuza zonse. M'midzi imene amagulako mbewu, nambala ya foni yake amaidziwa azamba akale, mafumu ndi amayi a chigwirizano. Mayi woyembekezera akavutika usiku, mwana akakomoka ndi malungo, nkhalamba ikagwa, amamuimbira iye. Amadzuka, amaliza lole, amayala matiresi, n'kuthamangira kuchipatala. Salipiritsa. Wokhala nako kangachepe ka dizilo amalandira. Wopanda amangomuuza kuti mudzandikumbuke pokolola. Wachita zimenezi kuyambira chaka chimene adagula loleyo, ndipo adawaletsa amayi ake kundiuza, ati ndingayese kuti akugula chikondi changa.

Ndidakhala pamphepete mwa bedi nthawi yaitali. Nkhani ya ngolo ndidamuuza mnyamata ameneyu kambirimbiri ali wamng'ono, ndikuyesa kuti ndikumuphunzitsa kufuna udokotala. Iye adaimva bwino kuposa ine mwini wake. Amayi anga sadafe chifukwa chosowa dokotala. Dokotala adalipo, kutsidya kwa mtsinje. Adafa chifukwa sadafikeko. Ine ndidalumbira za chovala choyera, pamene chimene mtima wanga unkalirira n'chakuti mayi wina asadzafere panjira. Ndidagwira chikho n'kutaya madzi. Zaka zonsezi lumbiro langa lakhala likukwaniritsidwa usiku, ine ndili m'tulo, ndi munthu amene ndidamunyoza pamaso pa alendo.

Dzuwa litatuluka ndidamupeza atatsegula injini akuyang'ana oyilo. Ndidaima pambali pake ndi kunena kuti, "Mwana wanga, mawu aja ndidalakwa." Osatukula mutu adafunsa, "Mawu ati, bambo?" Adawadziwa bwino lomwe, ndipo adachita bwino kundifunsa, pakuti kulapa kosatchula tchimo ndi kudzikhululukira wekha. Ndidawabwereza onse monga ndidawanenera tsiku lija, ndipo m'kamwa mudawawa ngati ndatafuna mankhwala a malungo. Adakhala chete, kenaka adati, "Zidapita zimenezo, bambo. Tagwirani tochi apa, sindikuona bwino." Ndidagwira tochi. Mlatho wathu udayambira pamenepo. Sindinama kuti zonse zatha: ndikaona dokotala wachinyamata akudutsa m'khonde la chipatala, kenakake kamandilasabe mumtima. Koma tsopano ndikudziwa kuti bala limenelo ndi langa, si ngongole ya mwana wanga.

Kwa inu makolo anzanga ndinene ichi. Tonse tili ndi mtsinje umene tidaimapo usiku wina, ndipo tonse tidalumbirapo kanthu. Wina adalumbira kuti mwana wake adzakhala loya chifukwa adalandidwa munda; wina kuti adzakhala m'busa; wina kuti sadzagwira khasu. Malumbiro amenewa amabadwa m'chikondi, koma tikapanda kusamala amasanduka goli. Dzifunseni kuti pansi pa lumbirolo pali chiyani. Mukachipeza, mwina mudzaona kuti mwana wanu akuchichita kale m'njira imene simudaiyembekezere. Ndipo lilime tilisamale. Ng'ombe ndidagulitsa tsiku limodzi, koma mawu a mphindi imodzi adandidyera zaka zimene sindidzazibwezanso.

Kwa inu achinyamata, musatenge nkhaniyi ngati chilolezo cha ulesi. A Mutombo adasintha njira, koma digiri adamaliza, ndipo adaimaliza m'chilankhulo chimene adachiphunzira atakula. Adagwira ntchito yosatchuka ya ulonda kwa zaka 18 mpaka bondo lidakana. Ngati mukusiya njira imene makolo adakusankhirani, onetsani ndi thukuta kuti imene mwasankhayo ikupita kwinakwake, ndiponso kuti kumeneko kuli anthu ena, osati inu nokha.

Ndipo kwa inu achibale amene maphunziro kapena malonda adakukwezani, kaya muli ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London: ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Palibe mmodzi wa ife amene ali ndi madola 15 miliyoni, ndipo lole ya matani 3 si chipatala. Koma pakati pa chipatala cha ku Masina ndi matiresi a kumbuyo kwa mpando pali mtima umodzi womwewo, kusiyana kukula kwa thumba kokha. Wina angathe kulipirira mwana wamasiye teremu imodzi, wina kukonzetsa mjigo, wina kugula matayala a njinga yonyamula odwala. Musadikire kuti mudzayambe mukadzalemera, kupatsa n'kuika.

Banja la a Mutombo silidzawerenga mawu anowa, ndipo silidziwa kuti kuli mudzi kuno kumene imfa ya bambo awo idayanjanitsa nkhalamba youma mutu ndi mwana wake. Komabe ndikuti Ambuye awatonthoze, pamodzi ndi onse ogwira ntchito ndi ogona m'chipatala chija. Loweruka likubwerali mwana wanga akupita kukagula mtedza kutsidya kwa mtsinje uja, ndipo wandipempha kuti ndimuperekeze. Akuti pali mlatho wa simenti tsopano. Ndidzamupempha kuti aime pang'ono pagombe, ndimuonetse pamene agogo ake adagona.

Mtendere ukhale nanu nonse.